Shrimp zikufa m'thanki koma madzi ali mbee: momwe mungapezere chimene chikuzipha

Kuyera kwa madzi sikunena kanthu za moyo wa shrimp, tinyama ta m'madzi tapachibale ndi nkhanu timene anthu amaweta m'thanki yagalasi. Amoniya (poizoni wochokera m'ndowe ndi m'zinthu zowola), kopa (mkuwa) ndi mankhwala ophera tizilombo sizioneka ndi maso, ndipo m'thanki ya malita 20 kapena 30 zimangofunika pang'ono chabe kuti imfa ziyambe. Mpake ambiri oweta tinyama timeneti amasowa pogwira: zomera zikukula, nkhono zikuyenda, koma m'mawa uliwonse shrimp ina ili chagada pansi. Musathamangire kugula mankhwala. Mafunso amene amaulula vuto ndi awiri okha: zikufa mwa liwiro lotani, ndipo n'chiyani chasintha posachedwapa? Zina zonsezi n'zongokuthandizani kuyankha mafunso amenewa.

Yambani ndi kutsimikiza kuti yafadi

Shrimp imafundula chigoba chake ikamakula. Yaikulu imatero pafupifupi kamodzi pamwezi, ana amafundula pafupipafupi. Chigoba chofundulacho chimakhala choyererako, choonekera mkati, chopanda mnofu, ndipo chimang'ambika pamsana kuseri kwa mutu. Chisiyeni momwemo, zinzake zidzadya n'kubwezera kashiamu m'thupi. Yakufa imakhala ndi mnofu, ndipo pakapita maola angapo imasanduka yapinki kapena yofiirira ngati yophika. Imeneyo ichotseni msanga isanawole, koma musanaitaye iikeni pambale yoyera n'kuijambula ndi foni chapafupi, pamwamba ndi kunsi komwe. Chithunzicho mudzachifuna.

Lembani masiku ndi chiwerengero

Tengani pepala mulembe tsiku limene iliyonse yafa ndi msinkhu wake. Pambali pake lembani zonse zimene munachita pathankiyo komanso m'chipindamo m'milungu iwiri yapitayi: kusintha madzi, kutsuka fyuluta (chosefera madzi), kuika chomera kapena mwala watsopano, chakudya chachilendo, kupopera mankhwala, kupenta khoma, kuzima kwa magetsi.

Zambiri zikafa m'maola ochepa, ganizani za poizoni kapena kuchepa kwa okosijeni. Zikamafa imodziimodzi, lero ina mkuja ina, kwa milungu ingapo, vuto limakhala m'mchere wa m'madzi (kashiamu ndi zina zosungunukamo), m'kufundula kapena m'matenda. Zikafa m'milungu iwiri yoyamba mutangozigula, nthawi zambiri n'chifukwa cha ulendo ndi kusiyana kwa madzi akale ndi atsopano. Ndipo ngati ikufa ndi imodzi yaikulu mwa apo ndi apo pamene ana akuchuluka, umenewo ndi ukalamba. Neocaridina davidi, zofiira zija zimene ambiri amayamba nazo, zimakhala chaka chimodzi kapena ziwiri basi, ndipo mukagula zazikulu kale simudziwa kuti zatha miyezi ingati.

Yezani madzi musanawasinthe

Mukathira madzi atsopano musanayeze, mwafufuta umboni. Ngati zinthu zafika poipa moti simungadikire, tungani kaye madzi m'kabotolo koyera kuti muyeze pambuyo pake. Zoyezera zamadontho n'zodalirika kuposa timapepala toviika, ndipo timapepala tambiri sitiyeza n'komwe amoniya.

Mabakiteriya a m'fyuluta amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako nitrite kukhala nitrate. Amoniya ndi nitrite zikhale pa 0. Nitrate asapitirire 20 ppm (mamiligalamu 20 pa lita imodzi ya madzi). Mukapeza amoniya kapena nitrite, mabakiteriya a m'fyuluta sakugwira ntchito yawo. Mwina thanki ndi yatsopano, chifukwa mabakiteriyawa amafuna milungu 4 mpaka 6 kuti akhazikike. Mwina munatsuka siponji pampopi, klorini n'kuwapha. Siponji imafinyidwa m'chidebe cha madzi ochokera m'thanki momwemo. Mwinanso kuseri kwa mwala kukuwola nkhono yaikulu kapena chakudya chotsala. Amoniya yemweyo amapha kwambiri pH ikakwera, ndiye kuti asidi akachepa m'madzi, ndiponso madzi akatentha.

Yang'ananinso kutentha. Pakati pa madigiri Celsius 20 ndi 25 shrimp zimakhala bwino. Kupitirira 28 madzi amasunga okosijeni wochepa. Chizindikiro chake n'chakuti zimaunjikana pamwamba kapena potulukira madzi a fyuluta, makamaka mbandakucha, popeza usiku wonse zomera nazo zimakhala zikupuma okosijeni yemweyo. Amene amathira mpweya wa CO2 chifukwa cha zomera ayambe kukayikira pamenepo.

Zikafa zambiri nthawi imodzi

Apa ndiye pamene zoyezera zimanamiza anthu. Manambala onse amatuluka abwino, chifukwa palibe choyezera chapanyumba chimene chimaona mankhwala ophera tizilombo. Shrimp n'zapachibale ndi tizilombo touluka ndi tokwawa, choncho chimene chimapha udzudzu, mphemvu kapena utitiri chimaphanso izo, ndipo pamlingo umene nsomba siumva n'komwe. Mankhwala opopera m'chipinda, utsi wa koyilo wa udzudzu, mankhwala a utitiri amene munapaka galu kapena mphaka kenako n'kuviika dzanja m'thanki, zonsezi zimafika m'madzi. Sopo, mafuta odzola ndi pafyumu wapamanja nazonso n'zoopsa. Zomera zogula kumene ndi msampha wina: alimi ena amazipopera kuti zisakhale ndi nkhono kapena tizilombo, ndipo kutsuka kamodzi sikuchotsa mankhwalawo.

Shrimp zolowedwa poizoni zimasambira mozungulirazungulira, kudzigunda pagalasi, kuyesa kutuluka m'madzi, kenako n'kugwa cham'mbali miyendo ikuphiriphitha. Musasokoneze izi ndi mpikisano wa amuna. Yaikazi ikangofundula imatulutsa fungo m'madzi, amuna onse n'kuyamba kuthamangathamanga kuifunafuna. Pamenepo akazi ena ndi ana amapitiriza kudya mwakachetechete. Zikasokonezeka zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, si chikondi chimenecho.

Za kopa anthu amakokomeza mbali ina n'kuiwala ina. Kakopa kochepa kolembedwa pa paketi ya chakudya cha shrimp si vuto. Magazi awo amanyamula okosijeni pogwiritsa ntchito kopa yemweyo. Woopsa ndi kopa wochuluka wosungunuka m'madzi, wochokera m'mankhwala ena a matenda a nsomba, ophera nkhono ndi ophera ndere, kapena m'mapaipi akopa ndi m'giza. Choncho musatunge madzi a thanki pampopi wa madzi otentha, ndipo wa ozizira muusiye utayeko kaye ngati wakhala osatsegulidwa. Thanki yogula kwa wina mufunse ngati munathiridwapo mankhwala. Pa klorini, kugoneka madzi m'chidebe kumathandiza, koma kumene madzi apampopi amathiridwa chloramine, klorini wophatikiza ndi amoniya amene sachoka msanga, kugoneka sikukwanira. Pamafunika mankhwala ochotsera klorini amene alembedwa kuti amachotsanso chloramine.

Mukakayikira poizoni, iyi ndi nthawi yokhayo imene ndingakuuzeni kuti musinthe madzi ambiri. Chotsani chomera kapena chinthu chimene mukuchikayikira, sinthani theka la madzi ndi ena ochotsedwa klorini otentha mofanana, ikani activated carbon (makala apadera oyamwa poizoni) watsopano m'fyuluta, onjezani mpweya, ndipo musadyetse. Mawa lake bwerezani ngati zikadali kugwa. Ngati muli ndi thanki ina yokhazikika, samutsirani komweko zimene zidakali ndi mphamvu.

Zikamafa imodziimodzi

Bwererani kuzithunzi zija. Ngati pali mzere woyera wozungulira thupi lonse, pamene chigoba cha kumutu chimakumana ndi cha kumchira, shrimp imeneyo inalephera kufundula. Chigoba chinaduka mozungulira m'malo mong'ambika pamsana pokha, ndipo inakanirira mkati. Zina mumazipeza zitatuluka theka. Kufundula ndi nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wa shrimp, ndipo vuto lililonse la madzi limaonekera pamenepo.

Yezani GH, amene amasonyeza kashiamu ndi magineziyamu, komanso KH, amene amagwira pH kuti isamasinthesinthe. Kwa Neocaridina oweta ambiri amasunga GH pakati pa madigiri 6 ndi 8, KH pakati pa 2 ndi 5, pH pafupi ndi 7. Caridina cantonensis, za mizere yofiira ndi yoyera, zimafuna zina: GH 4 mpaka 6, KH 0 kapena 1, pH pakati pa 6 ndi 6.5. GH akatsika kwambiri chigoba chatsopano sichilimba. Akakwera kwambiri chakale chimavuta kuchoka. Dothi lapadera lotsitsa pH limene amaikira Caridina limatha mphamvu pakapita chaka kapena ziwiri, pH n'kuyamba kukwera mwiniwake osadziwa.

Komabe mwa zonsezi, kusinthasintha kumapha kuposa nambala yolakwika pang'ono. Neocaridina zimazolowera madzi osiyanasiyana malinga akhale omwewo tsiku ndi tsiku. Yang'anani papepala lanu lija: ngati imfa zimabwera tsiku limodzi kapena awiri mutasintha madzi, mwapeza. Madzi ambiri atsopano othiridwa mwakamodzi amakakamiza shrimp kufundula isanakonzeke. Yezani madzi a m'chidebe n'kuwayerekeza ndi a m'thanki. Kachipangizo ka TDS, koyeza kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, n'kothandiza pano: sikakuuzani zimene zasungunuka m'madzi, koma kamasonyeza msanga ngati madzi awiriwo atalikirana.

Palinso vuto lobisika m'mathanki aang'ono opanda chivundikiro. Madzi akamauma, mchere umatsala. Mukamadzaza ndi apampopi nthawi zonse, mchere umachulukirachulukira, kenako tsiku losintha madzi umatsika mwadzidzidzi. Madzi amene auma amabwezeredwa ndi osefedwa ndi makina a RO kapena otchezedwa, omwe alibe mchere.

Zizindikiro za matenda n'zosavuta kuona ndi galasi lokuza zinthu. Mnofu wa kumchira ukayera ngati mkaka, minofu ikufa, ndipo yotero kawirikawiri sichira, ipatuleni. Madontho akuda kapena adzimbiri pachigoba ndi mabakiteriya odya chigoba, amene amakonda thanki yauve. Tinthu toyera tonga timinga pamphuno ndi Scutariella japonica, kanyongolotsi kamene kamaikira mazira pambali za mutu. Pamenepa zigoba zofundula muzichotsa, popeza mazira amatsalira momwemo. Ubweya woyera ndi Vorticella. Zobiriwira zonga nthenga kunsi kwa mimba ndi Cladogonium, osati mazira, omwe amakhala obulungira. Yotero ichotseni pakati pa zinzake.

Pitani usiku ndi tochi

Ngati akusowa ndi ana okha, zimitsani nyale, dikirani ola limodzi, kenako unikani pagalasi ndi pansi. Planaria ndi nyongolotsi yaphanthiphanthi ya mutu wosongoka ngati muvi, yotsetsereka pagalasi. Imagwira ana ndi zongofundula kumene. Tinyongolotsi toyera towonda tosambira mopindikapindika tilibe vuto, timangokuuzani kuti mukudyetsa kwambiri. Hydra ndi kanyama kakang'ono kamene kamamatirira pagalasi katatambasula timanja toluma. Ana a tombolombo amabwera atabisala m'zomera ndipo amadya shrimp zenizeni. Oweta ambiri amapha planaria ndi hydra ndi fenbendazole, mankhwala a nyongolotsi, koma nkhono za nerite zichotseni kaye chifukwa zimafa nayo. Onaninso polowera madzi a fyuluta: ngati palibe siponji, tsegulani mkati, mwina ana anu ali m'menemo. Nsomba nazo, ngakhale zing'onozing'ono, zimadya mwana aliyense wokwana m'kamwa.

Konzani chinthu chimodzi, kenako dikirani

Mukasintha chakudya, mchere, kutentha ndi fyuluta tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo kusinthako pakokha kungaphe zotsalazo. Pa imfa za pang'onopang'ono, sinthani gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi pamlungu. Ikani chidebe pamwamba, tengani kachubu kampweya, mangani mfundo kuti madzi azingodontha, alowe kwa ola limodzi kapena awiri. Shrimp zatsopano nazo muzizizoloweza madzi anu mwa njira yomweyi musanaziike m'thanki. Ngati GH akufunika kukwezedwa, kwezani digiri imodzi pamlungu kudzera m'madzi atsopanowo. Dyetsani kawiri kapena katatu pamlungu, ndipo chotsala pakatha maola awiri kapena atatu chichotseni. M'thanki yokhwima zimadya ndere ndi tinthu tomera pamasamba ndi pamiyala tsiku lonse.

Imfa sizileka tsiku lomwelo, chifukwa zimene zinavulala kale zimafabe pa kufundula kotsatira. Perekani milungu 4 mpaka 6, pitirizani kulemba papepala lija, ndipo musagule zina mpaka mutaona zigoba zathunthu zopanda mitembo pambali ndi akazi onyamula mazira kunsi kwa mimba. Zomera zatsopano zizikhala kaye m'chidebe chapadera kwa milungu iwiri, madzi ake mukusintha pafupipafupi.