Amene anapanga pulogalamu asakhale yemwe akuiyesa

Nyengo yogulitsa mpunga ino ndayendera magulu a alimi kuchokera ku Likangala mpaka ku Domasi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chandisowetsa mtendere. Makopaletivi angapo asiya kulemba m'makope, ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni polemba matumba, masheya ndi ngongole. Zimenezo ndi zabwino. Koma ndikafunsa kuti anaiyesa ndani musanalipire, yankho limakhala lomwelo: "Mnyamata amene anaipanga uja anationetsa kuti ikugwira."

Anakuonetsani chiyani? Analowetsa manambala osankha yekha, pafoni yake, pamalo pomwe netiweki imagwira bwino, inu n'kuomba m'manja. Inu nomwe venda akabwera ndi sikelo yake simukhulupirira pakamwa pake. Mumayang'ana ngati a Malawi Bureau of Standards anaiyesa, apo ayi mumapachikapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Nanga chuma cha gulu lonse mukuchisiya bwanji m'chinthu chimene mboni yake ndi mwini wake?

Sindikunena kuti anyamatawa ndi akuba, ayi. Ambiri ndi akhama. Vuto ndi lakuti chimene munthu sanachiganizire popanga, sachiganiziranso poyesa.

Mayi wina, msungichuma wa gulu lina chakufupi ndi Nyanja ya Chilwa, anandipeza misozi ili m'maso. Pulogalamu yawo inkatenga thumba lililonse ngati la makilogalamu 50, pomwe alimi ankabweretsa mpunga wosapuntha, wina m'matumba osadzaza, wina pandowa. Pofika tsiku logulitsa, foni inkanena mpunga wochuluka kuposa umene unali m'nkhokwe. Komiti inaloza chala mayiwo, iwo n'kugulitsa mbuzi kuti abweze. "Alangizi, ine sukulu ndinalekezera sitandade 6, ndingatsutsane bwanji ndi foni?" Anatulukira cholakwikacho ndi mphunzitsi wina amene anangotenga kope lakale la mlembi n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Ndalama anawabwezera, koma mpaka lero pamsonkhano amakhala kumbuyo, ndipo udindo anaukana.

Musaganize kuti izi ndi za kumudzi kokha. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anazengedwa milandu yosowetsa ndalama chifukwa pulogalamu yotchedwa Horizon inkaonetsa kupelewera kumene kunalibe. Ena analowa m'ndende. Mu 1999 bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA linataya chombo chopita ku Mars chotchedwa Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkawerengera mphamvu ndi muyezo wa mapaundi, lina ndi muyezo wina wa manyutoni. Ndi nkhani ya ndowa ndi kilogalamu yomweyi. NASA yomweyo ili ndi malo ku Fairmont, West Virginia, amene anakhazikitsidwa mu 1993, ndipo ntchito yake ndi kufufuza mapulogalamu opangidwa ndi ena. Akatswiri amaitcha ntchitoyi IV&V, ndipo imayankha mafunso awiri: kodi chinthuchi chapangidwa monga tinagwirizanirana, nanga chimene tinagwirizanacho ndi chimene chikufunikadi pantchito yathu? Gulu la mayi aja linagwa pa funso lachiwirili. Masamu a pulogalamu anali olondola, koma wopangayo sanakhalepo pamalo olandirira mpunga.

Chimene chimanditopetsa ndi manyazi athuwa. "Ndi mwana wa achimwene, akhumudwa." "Anabwera ndi a bungwe, tingafunse bwanji?" Kenako mumalipira ndalama zonse tsiku lachionetsero, kudya nsima, kujambulitsa, kope lakale n'kulipereka kwa ana. Pakatha miyezi itatu nambala ya mnyamata uja siikupezeka. Safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo amadya ndi msungichuma.

Choti muchite ndi chosavuta. Pezani munthu wina wodziwa makompyuta amene si mnzake kapena m'bale wa wopangayo. Kuno ku Zomba sitingasowe, University of Malawi ili pakhomo pomwepa ndipo imaphunzitsa zimenezi. Mumulipire inu a gulu, osati wopanga pulogalamu, ndipo lipoti lake lizibwera ku komiti. Mumupatse makope a chaka chatha alowetse zonse, aone ngati zikufanana. Ayese netiweki itathawa, batire itazima pakati polemba, munthu mmodzi atalembedwa kawiri, ngongole itabwezedwa theka. Gawo lomaliza la malipiro lidikire lipotilo, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano ntchito isanayambe. Kope lipitirire kulembedwa pambali nyengo yonse yoyamba. Amene munalipira kale, muyesetsebe pano nandolo asanayambe kulowa m'nkhokwe.