Momwe mungapezere mapuloteni okwanira mutachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi

Opaleshoni yochepetsa thupi yotchedwa gastric bypass imasiya kathumba ka chifu kongolowa mamililita pafupifupi 30, kukula kwake ngati dzira. Ina, yotchedwa sleeve gastrectomy, imachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chifu. Chifu chachepa, koma thupi likufunabe zomangira minofu ndi zopoletsera bala. Bungwe la American Society for Metabolic and Bariatric Surgery limalangiza kuti munthu wochitidwa opaleshoniyi azipeza mapuloteni osachepera magalamu 60 patsiku, ndipo ambiri amauzidwa 60 mpaka 80. Akaperewera, thupi limayamba kudya minofu yake yomwe. Sikelo imaonetsa kuti mwatsika, pomwe chomwe chapita ndi mphamvu zanu.

Yambani ndi kufunsa dokotala kapena katswiri wa kadyedwe kuti akuuzeni nambala yanuyanu ya magalamu a mapuloteni patsiku. Zimasiyana malinga ndi msinkhu, mtundu wa opaleshoni, komanso ngati muli ndi vuto la impso. Mukaidziwa, igaweni. Magalamu 60 ndi 15 kanayi, kapena 10 kasanu ndi kamodzi.

Masabata awiri oyambirira pambuyo pa opaleshoni mumakhala pa zamadzimadzi zokha, ndiye apa ufa wa mapuloteni ndi umene umanyamula katundu. Posankha, tembenuzani chitini muwerenge kumbuyo, zolembedwa kutsogolo ndi zokopa ogula basi. Muyang'ane kuti muyezo umodzi ukupereka magalamu 20 kapena kuposa, shuga ali wochepa kwambiri. Whey isolate, ufa wa mapuloteni ochokera mumkaka, ndi amene mimba za ambiri zimamulola, chifukwa shuga wa mumkaka, amene amatupitsa mimba ena pambuyo pa opaleshoni, amakhala atachotsedwamo pafupifupi yense. Amene sagwirizana ndi za mkaka angatenge wa soya kapena wa zoyera za mazira. Koma ufa wa collagen (puloteni ya m'zikopa ndi m'mafupa a nyama), umene umatsatsidwa kwambiri chifukwa cha khungu ndi tsitsi, musauwerengere pa magalamu anu a tsiku. Ulibe tryptophan, imodzi mwa ma amino acid (tizigawo tomwe timapanga mapuloteni) amene thupi silitha kupanga lokha, motero sumanga minofu bwino paokha.

Kasungunulidwe kalinso ndi njira yake. Ufa wa whey mukauthira mu msuzi wowira umaundana n'kupanga mibulu yovuta kumeza. Uyambeni ndi madzi ozizira pang'ono m'kapu, mutakase mpaka usalale, kenako muthire mu msuzi umene wazizirako kufika pofunda. Imwani pang'onopang'ono, kapu imodzi itenge theka la ola kapena kuposa.

Cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi, dokotala akalola, mumalowa pa zakudya zopera zosalala. Apa dziwani zomwe zili m'mbale yanu. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni magalamu pafupifupi 6. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Yogati wolimba wa Greek, wopanda shuga, amapereka pafupifupi 10 pa magalamu 100 alionse, tchizi chofewa cha cottage cheese pafupifupi 11, mphodza zophika 7 mpaka 9. Pa magalamu 100 omwewo, nsomba yophika imapitirira 20, chidali cha nkhuku chimafika 30. Mwaona kusiyana kwake: masupuni atatu a nsomba yopera amaposa kutali masupuni atatu a mbatata yoponda, chikhalirecho malo amene atenga m'chifu ndi amodzimodzi. Supuni ya ufa wa mkaka wopanda mafuta mu yogati kapena mu msuzi imakweza nambala popanda kuchulutsa chakudya.

Zakudya zofewa zimabwera pambuyo pake, ndipo zolimba nthawi zambiri pakatha masabata 6 mpaka 8. Kuyambira pamenepa lamulo ndi limodzi: za mapuloteni ziyambe kulowa, masamba atsatire, zokhutitsa monga mpunga ndi buledi zibwere kumapeto ngati malo atsala. Kawirikawiri satsala. Dulani nyama tizidutswa tating'onoting'ono, tafunani ka 20 kapena 30 mpaka isanduke phala m'kamwa, muike foloko pansi musanatenge ina. Nyama youma yowotcha ndi imene imagwira anthu ambiri pachifuwa, ndiye iphikeni ndi msuzi mpaka ifewe. Nyama ya ng'ombe imavuta ena kwa miyezi ingapo. Ikakana, ilekeni, mudzayesenso pakapita masabata.

Musamwe chilichonse mukudya, ndipo mukamaliza dikirani mphindi 30. Madzi amalanda malo a chakudya kapena kuchikankhira m'matumbo msanga. Komabe pakati pa zakudya muzimwa pang'onopang'ono mpaka mukwanitse malita 1.5 patsiku. Chenjeraninso ndi zakudya zotsekemera za mapuloteni zooneka ngati timipiringidzo (protein bars) ndi zakumwa zam'mabotolo zodzaza shuga. Makamaka kwa amene anachita bypass, shuga akathamangira m'matumbo amabweretsa nseru, thukuta, chizungulire, mtima kugunda kwambiri ndi kutsegula m'mimba, nthawi zina pasanathe ndi theka la ola lomwe.

Ine ndimaona kuti ufa wa mapuloteni uyenera kuchepa pamene chakudya chenicheni chikuwonjezeka, chifukwa chotafuna chimakhalitsa m'mimba ndipo njala imachedwa kubwerera. Lembani zomwe mwadya tsiku lililonse, madzulo muwonkhetse, ufa ungotseka pamene paperewera.

Mapuloteni salowa m'malo mwa mavitamini. Mudzafunika kumwa mavitamini osakaniza, B12, vitamini D, ayironi ndi kashiamu monga dokotala walembera, kwa ambiri moyo wonse. Kashiamu wa mtundu wa citrate ndi amene amayamwika bwino pamene asidi wa m'chifu wachepa, ndipo mum'talikitse ndi ayironi maola awiri chifukwa amalimbirana polowa m'magazi. Tsitsi kuthothoka pakati pa mwezi wa 3 ndi wa 6 kumachitikira ambiri ndipo kumasiya. Koma mapazi akayamba kutupa, bala likuchedwa kupola, kapena mukusanza chilichonse chimene mwadya kwa masiku angapo, musadikire tsiku limene anakupatsani lodzaonana ndi dokotala, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi.