Agogo Asadikire Kuti Dzino Liyambe Kuwawa

Tikamayendera mabanja m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Makanjira, timapeza okalamba ambiri atasiya kudya usipa wouma ndi chimanga chokazinga chifukwa mano awo akugwedera kapena anazulidwa kale. Pakhomo amangoti ndi ukalamba, koma chimene chimatha mano kwenikweni ndi chiseyeye komanso kubooka kwa mano, matenda amene amayamba mwakachetechete ndipo amapeweka.

Chiseyeye chimayamba ndi zotsalira za chakudya zimene zimakanirira m'mphepete mwa nkhama mpaka kuuma ngati mwala. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, kenako zimaphwa n'kusiya mizu ya mano pamtunda, ndipo mizuyi imabooka msanga kwa munthu amene amamwa tiyi wa shuga wambiri kangapo patsiku. Odwala matenda a shuga amavutika kwambiri ndi chiseyeye, pamene mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amaumitsa m'kamwa, chonsecho malovu ndi amene amateteza mano.

Vuto lalikulu kuno ndi mtunda. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno, moti maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, ndipo thandizo lambiri limapezeka pachipatala chachikulu cha boma pa Mangochi. Kwa agogo a ku Namwera, ulendo umenewo umafuna ndalama ya galimoto ndi wowaperekeza. Chifukwa chake tikulangiza kuti tsiku limene agogo akupita kukatenga mankhwala a BP kapena a shuga, muwaperekezenso kwa a zamano kuti akawaone m'kamwa, ngakhale kamodzi pachaka, dzino lisanayambe kuwawa. Dzino likapezeka litangoyamba kubooka limatha kumatidwa, koma likafika potupitsa tsaya kawirikawiri chotsala n'kulizula.

Pakhomo, agogo atsuke mano kawiri patsiku, makamaka asanagone, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (chinthu cholimbitsa mano), ndipo akatha alavule osachukucha ndi madzi. Mswachi wa mtengo umene abale athu Achisilamu amagwiritsa ntchito ndi wothandiza ndithu, bola ufike mpaka ku mano a kumapeto. Makala, phulusa ndi mchenga zimapala mano, ndipo tikupempha kuti zisiyidwe. Ngati manja a agogo akunjenjemera kapena maso sakuona bwino, mdzukulu wamkulu awathandize mwaulemu, monga momwe amawathandizira kusamba.

Chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata awiri osapola, makamaka kwa amene amasuta kapena kuika fodya m'kamwa, chisadikire ulendo wa mwezi wamawa. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndipo pitani nawo kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa nthawi zina khansa ya m'kamwa imayamba motero.