Dazomet pa nazale ya fodya ndi tomato: malangizo m'Chinyanja kwa alimi a ku Zambia

Malangizo awa ndawalemba kuno ku Blantyre, wondipatsa ntchitoyi ndi bambo wina wogulitsa zipangizo zaulimi ku Limbe yemwe makasitomala ake ena ali ku Chipata, Katete mpaka Lundazi, ndiye amadandaula kuti pepala lachingerezi lobwera ndi mankhwalawa anthu amangolipinda n'kuponya m'thumba osawerenga. Chinyanja changa ndi cha kuno kumwera kwa Malawi, mukaona khasu dziwani kuti ndi kambwiri yemweyo.

Mankhwala ake ndi dazomet, ambiri mumawadziwa ndi dzina loti Basamid. Ndi timibulu toyera tosalala ngati mchenga wa kumtsinje. Timibuluto patokha sitipha tizilombo ta m'dothi ayi, tikakhudzana ndi chinyezi cha m'dothi ndi pamene timasungunuka n'kutulutsa mpweya wotchedwa methyl isothiocyanate, mwachidule MITC, ndipo mpweyawo ndi umene umagwira ntchito yonse. Apa ndinavutikapo ndi mawu. Chingerezi chikuti fumigant, ena amati mankhwala ofukiza, koma kufukiza kwathu timaganiza za utsi wooneka ndi maso ngati pofukiza njuchi, pomwe uwu suoneka, umangoyenda mwakachetechete m'timipata ta dothi. Ndiye ine ndizingoti mpweya, inu muzimva kuti ndi mpweya wa poizoni. Umapha ma nematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tija timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato kukhala mfundomfundo, umapha tizilombo toyambitsa matenda oolesa mbande pa tsinde zikangomera, tizilombo tina ta m'dothi, komanso njere za udzu zomwe zayamba kumera.

Akuluakulu a fodya mukukumbukira methyl bromide, mankhwala ophera tizilombo m'dothi, wa m'zitini uja tinkaboolera pansi pa pulasitiki. Anamuletsa chifukwa amaononga ozone, mpweya wa kumwambaku wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, pansi pa pangano la Montreal Protocol la 1987, maiko ngati athuwa anapatsidwa mpaka 2015 kuti asiye ndipo Malawi anasiya msanga mu 2004. Dazomet ndi metam sodium ndi ena mwa omwe analowa m'malo mwake, onse awiri amatulutsa MITC yemweyo. Koma musayembekezere kuti agwira mofulumira ngati bromide, awa ndi ofuna kudekha.

Kukonza mabedi sindichedwapo, mukudziwa kale. Limani, phwanyani zibuma zonse dothi likhale lofewa, chotsani zitsa ndi mizu ya mbewu zakale makamaka yotupa ija chifukwa mpweya sulowa bwino mkati mwa muzu wosaola. Chomwe anthu amadumpha ndi ichi: bedi lithiriridwe kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanaike mankhwala. Pepala likuti chinyezi chikhale 60 mpaka 70 peresenti ya madzi omwe dothi lingasunge, tsopano ndani ali ndi makina oyezera zimenezo kudimba? Tapani dothi m'manja, fumbatani. Likagwirana kukhala chibumba koma mukaligwetsa pansi n'kumwazika, ndiye lafika. Likamadontha madzi lanyowetsa, dikirani. Likamangoyoyoka pakati pa zala ndi louma, thirirani. Kuthiriraku n'kodzutsa njere za udzu ndi tizilombo, njere yogona youma gwa mpweya umangoidutsa, kenako imadzamera pamodzi ndi fodya wanu inu n'kumati munagula mankhwala achinyengo.

Mlingo. Malebulo ambiri amanena magalamu pakati pa 30 ndi 60 pa sikweya mita imodzi malingana ndi vuto lomwe mukulimbana nalo ndi mtundu wa dothi, tsatirani zomwe zalembedwa pa thumba lanu. Mwachitsanzo ngati lanu likuti magalamu 50, bedi la mamita 30 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi lidya kilo imodzi ndi hafu. Yezani pa sikelo, osati ndi kachitini kongoganizira. Wazani mofanana paliponse, nthawi yopanda mphepo, m'mawa ndi bwino. Nthawi yomweyo sakanizani ndi dothi kufika masentimita 20 kuya kwake. Tsenderani pamwamba, thirirani ndi kheni kuti patsekeke, ndipo phimbani ndi pulasitiki, m'mbali monse mukwirire ndi dothi. Mankhwalawa asagwiritsidwe ntchito pamene dothi lazizira kutsika madigiri 6. Asaikidwe pafupi ndi mizu ya mbewu kapena mitengo yamoyo.

Pa kusakaniza ndionjezepo zanga. Mpweyawu suyenda mtunda wautali m'dothi, pomwe timibulu sitinafike pamatsala osaphedwa, ndiye ngati muli awiri wina aziwaza wina akutsatira ndi khasu pambuyo pompo, osati kuwaza mabedi onse kenako kukadya kaye nsima. Manyowa owola bwino alowe kale musanaike mankhwala, mukadzathira pambuyo pake mwabwezeretsa udzu ndi matenda omwe mwangolipira ndalama kuti afe. Chimodzimodzi khasu ndi jombo zochoka kumunda wina, tsukani kaye.

Kudikira ndi pomwe pali nkhani yaikulu. Pakatha pafupifupi sabata chotsani pulasitiki, tipulani dothi kuti mpweya wotsala utuluke, koma musapitirire kuya komwe munasakaniza poyamba chifukwa mukweza dothi lapansi lomwe silinalandire mankhwala. Kuchoka tsiku loika mpaka kufesa, dothi likakhala lofunda kuposa madigiri 18 ndi masiku 10 mpaka 12, likamazizira masiku amachuluka mpaka kufika mwezi wathunthu kapena kupitirira. Tsopano taonani, mabedi a fodya timakonza mu Julayi ndi Ogasiti nthawi yachisanu, kudambo m'mawa kumazizira zedi, ndiye masiku ochepa aja si anu.

Malume anga ali ndi dimba chakumtunda kwa Bvumbwe, chaka china anawerenga masiku khumi pa zala n'kufesa tomato wa haibulidi wodula uja wa m'kapaketi, inali nthawi ya chiperoni dothi lili zii. Ndinapitako patatha milungu iwiri, bedi linali mbee ngati pabwalo posesa, apo ndi apo kambande kotuwa kopindika mutu kakulephera kutuluka. Anagwada n'kufukula ndi chala, dothi likadali ndi kafungo koyabwa m'mphuno. Mbewu inapita, nyengo ya mtengo wabwino inawadutsa. Ndi chifukwa chake ndime yotsatirayi ndikupemphani muiwerenge kawiri.

Musanafese yesani dothi. Pepala likuti mugwiritse njere za cress, kuno sitizipeza, letesi kapena mpiru zimagwira bwinobwino chifukwa zimamera msanga. Pezani mabotolo awiri agalasi okhala ndi zotsekera, ngati a jamu aja. Lina muikemo dothi la pa bedi mpaka theka, mutape malo angapo ndipo mufike pansi osati pamwamba pokha, n'kutseka msanga. Linalo muikemo dothi lomwe silinaone mankhwala. Mu lililonse ikani kathonje konyowa kokhala ndi njere, tsekani zolimba, ikani m'nyumba pofunda. Pakatha masiku awiri kapena atatu yerekezani. Zikamera mofanana fesani. Za m'dothi la mankhwala zikachedwa kapena kupsa nsonga, tipulaninso bedi, dikirani masiku ena, yesaninso.

Chitetezo. Valani magolovesi a labala, jombo, ovololo ya manja aatali, magalasi oteteza maso ndi masiki. Osadya, osamwa, osasuta fodya pogwira ntchito. Osamwa mowa tsiku limenelo ngakhale lotsatira lake. Mankhwala akagwera pakhungu sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, akalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15, pitani kuchipatala mutanyamula lebulo. Ndionjezere kuti thukuta nalonso ndi chinyezi, kambulu kakalowa m'jombo phazi lili chinyontho kamayamba ntchito yake pakhungu lanu pomwepo, ndiye thalauza likhale kunja kwa jombo. Ndipo za kumwetsa mkaka munthu wokhudzidwa ndi poizoni zija zisiyeni, mungotaya nthawi yothamangira kuchipatala. Ana, nkhuku ndi mbuzi zisayandikire bedi. Thumba lotsegula limangidwe zolimba pamalo ouma kutali ndi chakudya, lotha lisasungiremo ufa kapena mbewu.

Madzi ndi omwe amandidetsa nkhawa kwambiri poti nazale zathu zambiri zili m'mbali mwa mitsinje. MITC amapha nsomba koopsa. Mu 1991 sitima inagwa pa njanji pafupi ndi Dunsmuir ku California, thanki ya metam sodium inakhuthukira mumtsinje wa Sacramento ndipo zamoyo za m'madzi zinafa pa mtunda wa makilomita oposa 60. Inu simuli ndi thanki, koma chitsime cha kudimba chomwe akazi amatungapo ndi chaching'ononso, musatsukiremo kheni kapena khasu. Gulani mankhwala ovomerezeka okhala ndi lebulo yake, kwanuko amayang'anira ndi a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, kuno ndi a Pesticides Control Board ku Bvumbwe, zopimidwa m'timajumbo pamsika zisiyeni.

Izi zotsalazi sizili pa pepala la bwana koma ndaona kuti ndisakubisireni. Mpiru womwe timadyawu uli ndi mphamvu ya mtundu womwewu. Kuwawa kolasa m'mphuno kuja ndi allyl isothiocyanate, amatuluka tsamba likaphwanyika ndi kukumana ndi madzi. Njira imeneyi amaitcha biofumigation. Mumafesa mpiru wothithikana pamalopo, ukayamba maluwa mumausadzula tizidutswa ting'onoting'ono, kukhapa ndithu mpaka uzituluka madzi, n'kuukwirira nthawi yomweyo m'dothi lonyowa, kuthirira, kutsendera kapena kuphimba ndi pulasitiki, kenako kudikira milungu iwiri. Mukausiya padzuwa kuti mukwirire mawa mphamvu yambiri yauluka. Sufika pa dazomet, umangochepetsa tizilombo, koma mtengo wake ndi wa njere basi ndipo umasiya manyowa m'dothi. Musauchite pamalo pomwe mukufuna kudzala kabichi, repu kapena chainizi chifukwa ndi banja limodzi matenda awo ndi amodzi, ndiponso musausiye nthawi yaitali m'munda nyengo yotentha, ma nematodi ena amaswana pa mizu ya mpiru womwewo.