TiO2 yanga imakana kuswa utoto popanda UV, ndinaikonza chonchi

Anzanga amene muli pa pulojekiti yoyeretsa madzi ndi ufa wa titanium dioxide (TiO2), mwina izi zikuthandizani. Ndikathira ufawo m'madzi a methylene blue (utoto wa buluu) pansi pa nyale ya UV (kuwala kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso) utoto umatha bwinobwino, koma pa babu la LED loyera olo kunja kukachita mitambo madzi amangokhala a buluu omwewo. Ndinaonjezera ufa, madzi anangochita mbuu ngati thobwa kuwala osalowanso.

Nkhani ndi yoti band gap (mphamvu ya kuwala yofunika kuti ufawu uyambe kugwira ntchito) ya anatase, mtundu wa TiO2 umene ndili nawo, ndi 3.2 eV, ndiye imangogwira kuwala kwa pansi pa 387 nm basi, komwe ndi UV, ndipo UV padzuwa ndi pafupifupi 5% yokha.

Ndiye TiO2 ija ndinailowetsa nayitrojeni wochokera mu urea kuti izigwiranso kuwala kooneka ndi maso. Ndinapera TiO2 limodzi ndi urea mu kamtondo ka mu labu, kuika mu crucible (kambiya kopirira moto) yovundikira, kenako mu furnace (uvuni wa mu labu) pa 400°C maola 2. Pagona nkhani ndi pa kutenthapa, mukafika cha mma 600°C nayitrojeni amathawa komanso anatase imayamba kusanduka rutile (mtundu wina wa TiO2), ntchito yonse yapita pachabe. Ufa ukatuluka wachikasu pang'ono zatheka, ukatuluka woyera mbee bwerezani. Tsukani ndi madzi a distilled, muumitse.

Musanayatse babu takasani kaye ufawo m'madzi a utoto aja mumdima mphindi 30, apo ayi muziti utoto wasweka pomwe wangomatirira pa ufa. Utoto wotsala m'madzimo yezani ndi makina oyezera kuwala pa 664 nm. Urea wake ndi wotchipa, koma tengani wa mu labu osati wa m'thumba la feteleza.