Momwe Mungakonzerenso Kanjira Kochokera pa Geti Kufika pa Khonde

Kanjira ka konkire kakayamba kung'aluka ndi kutitimira, anthu ambiri amangomata simenti m'ming'alumo, koma mvula ikagwa kangapo ming'alu ija imabwereranso, chifukwa chimene chalakwika chimakhala pansi. Ndi bwino kukaphwasula konse n'kuyambiranso, makamaka pakati pa Meyi ndi Okutobala nthaka ili youma.

Musanakumbe, fufuzani pamene padutsa paipi yochokera pa mita ya madzi, popeza pamakomo ambiri a m'tauni paipiyi siikwiriridwa mozama ndipo piki imaiboola mosavuta. Kenako phwanyani konkire yakaleyo ndi hamala yaikulu, koma zidutswazo musataye, ziunjikeni pambali.

Khomani zikhomo mbali zonse ziwiri n'kumangapo chingwe, mulifupi mukhale mita imodzi kuti wilibala izidutsa bwino. Kumbani masentimita 18 kupita pansi, ndipo muchotse dothi lakuda lonse pamodzi ndi mizu ya kapinga, chifukwa mizu ikaola imasiya mphako. Mukapeza njira za chiswe, zikumbeni mpaka pamene zathera. Apa ndi pofunikanso levulo: kanjirako katsike ndi masentimita 2 pa mita iliyonse kuchoka kunyumba, kapena kapendekere kumbali ngati geti lili kumtunda, kuti madzi asamaime pa khonde n'kulowa m'maziko.

Gawo limene ambiri amalithamangira ndi la kutsendera, chonsecho moyo wa kanjira uli pamenepa. Phwanyani zidutswa zija kuti zichepe ngati nkhonya, muziyale m'dzenjemo, muthire mchenga m'mipata, muwaze madzi pang'ono, kenako musinje ndi chipika cholemera. Musathire zonse nthawi imodzi. Yalani theka, musinje, muonjezere theka linalo, musinjenso, kufikira zitakwana masentimita 10. Mukapondapo ndi chidendene n'kuona kuti mwala wagwedera, ndiye kuti ntchito ikadalipo, ngakhale mikono itatopa.

Mukatero imikani matabwa m'mbali ndipo mukande konkire: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi zinayi za miyala ya kwale. Mchenga muuyese poufumbata uli wonyowa. Ukasiya matope m'manja, ndi wadothi ndipo ufooketsa konkire. Madzi akhale ongokwanira, pakuti konkire yamadzimadzi imayalika msanga koma siichedwa kufumbutuka. Kanjira kotalika mamita 10, konkire yake yokhuthala masentimita 10, kamadya matumba 6 kapena 7 a simenti a makilogalamu 50.

Thirani konkireyo kuyambira ku khonde, mukuigwedeza ndi fosholo kuti mpweya utuluke, ndipo musalaze ndi thabwa lowongoka lotsamira pa matabwa a m'mbali aja. Ikayamba kugwira, lembani mzere wakuya masentimita 2 kapena 3 mopingasa pa mita imodzi ndi theka iliyonse, kuti ikadzafuna kung'aluka idzatsate mzerewo. Pamwamba musapukute ngati pabalaza. Kokanipo tsache lolimba kuti pakhale pokhakhala, chifukwa nthawi ya dzinja pakamera ndere malo osalala amagwetsa ana ndi okalamba.

Vundikirani ndi masaka onyowa kapena udzu, ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Matabwa mutha kuwachotsa pakatha masiku awiri, koma katundu wolemera asadutsepo mpaka masiku 28 atakwana.