Kasungidwe ka ma PDF mu Zotero kuti asamasowe

Zotero, pulogalamu yosungira mabuku ndi nkhani za kafukufuku, imasunga fayilo m'njira ziwiri, ndipo mavuto ambiri amayamba munthu akasakaniza njirazi osadziwa. Mukadina kumanja pa buku kapena nkhani n'kusankha Add Attachment, mumapeza File ndi Linked File. Mukasankha File, Zotero imakopera PDF ija n'kuisunga yokha. Mukasankha Linked File, imangolemba pamene fayiloyo ili, fayiloyo n'kukhalabe m'foda yanu. Kukokera PDF m'pulogalamumu ndi mausi kumatsata njira yoyamba ija.

Kwa anthu ambiri File ndiyo yabwino. Pa Windows mafayilo otere amapita ku C:\Users\dzina lanu\Zotero\storage, iliyonse m'kafoda kakekake ka dzina la zilembo ndi manambala 8 osakanikirana. Mayinawa amaoneka osokoneza, koma musawakonze. Zotero imazindikira fayilo iliyonse ndi dzina la kafodako, ndiye mukasintha dzina kapena kusamutsa PDF kuchokera kunja, pulogalamuyo imakuuzani kuti fayilo sikupezeka. Mukafuna kuona pamene ili, dinani kumanja n'kusankha Show File.

Dzina la fayilo lisinthireni mkati mwa Zotero momwemo. Mu Zotero 7, yomwe inatuluka mu 2024, pitani ku Settings, General, pa File Renaming. Poyambira imaika mlembi, chaka, kenako mutu woduliridwa pa zilembo 100. Ndi bwino kutsitsa nambalayi kufika pa 50, chifukwa mapulogalamu ambiri a Windows amakana fayilo ngati adiresi yake yonse, kuphatikizapo mayina a mafoda, yapitirira zilembo 260. PDF yojambulidwa pa sikana nthawi zambiri ilibe mawu oti kompyuta iwerenge, choncho Zotero imalephera kudziwa mlembi wake. Dinani kumanja, sankhani Create Parent Item, mulembe DOI (nambala yozindikiritsa nkhani) kapena ISBN (nambala yozindikiritsa buku), ndipo zina zonse zidzadzaza zokha.

Tsopano nkhani ya malo. Mayina a mabuku, manotsi ndi zomwe mwachonga powerenga zimapita ku akaunti yanu ya Zotero pa intaneti kwaulere popanda malire, koma mafayilo ali ndi malire a 300 MB pa akaunti yaulere. Mabuku ochepa a pa sikana amadzaza malowa msanga. Akadzaza palibe chomwe chimafufutika. Mafayilo atsopano amangotsala pa kompyuta yomwe munawalowetsera, ndiye mukatsegula kompyuta ina mumaona dzina la nkhani koma PDF yake osatseguka. Chinthu china chomwe chimadya malo mwakachetechete ndi masamba a pa intaneti omwe Zotero imasunga nthawi iliyonse mwatenga nkhani pa webusaiti. Ngati simuwafuna, chotsani chizindikiro pa Automatically take snapshots mu General. Kuti bandulo isathere pa kutsitsa mabuku omwe simuwawerenga sabata ino, pitani ku Sync musankhe As needed pa Download files, kuti fayilo izibwera pokhapokha mwaitsegula.

Amene 300 MB yawachepera angathe kugula malo owonjezera, kugwiritsa ntchito WebDAV (njira yosungira mafayilo pa seva ina ya pa intaneti), kapena kusamukira ku Linked File. Njira yomalizayi imafuna munthu wosamala. Sankhani foda imodzi, mwachitsanzo mu OneDrive kapena Google Drive, muziika ma PDF onse mmenemo. Kenako pitani ku Advanced, Files and Folders, muike foda yomweyo pa Linked Attachment Base Directory. Muchite zimenezi pa kompyuta iliyonse, chifukwa dzina la mwini kompyuta likasiyana adiresi ya fayilo imasiyananso, ndipo popanda foda yoyambirayi maulalo onse amaduka. Dziwaninso kuti mafayilo olumikizidwa chonchi saloledwa m'laibulale ya gulu, satseguka pa webusaiti ya Zotero, ndipo mukafufuta buku mu Zotero PDF yake imatsalabe m'foda. Kale ntchito yosamutsa mafayilowa inkachitidwa ndi ZotFile, pulogalamu yowonjezera pa Zotero, koma iyo sigwira pa Zotero 7, ndipo ambiri anatembenukira ku ZotMoov. Mukatopa nayo njirayi, Tools, Manage Attachments ili ndi posinthira mafayilo olumikizidwa kuti akhale osungidwa.

Cholakwa chowawa kwambiri ndi kuika foda yonse ya Zotero mu Dropbox, OneDrive kapena Google Drive. Chonde musachite zimenezi. M'fodamo muli zotero.sqlite, nkhokwe ya mabuku onse, manotsi ndi zochonga zanu. Mapulogalamu aja amaikopera Zotero ili mkati molembamo, ndipo nkhokwe imawonongeka. Ma PDF okha ndiwo angakhale kumeneko.

Zomwe mumachonga ndi kulemba pa PDF mu Zotero sizilowa m'fayilomo, zimakhala m'nkhokwe ija. Mukatumiza PDF ya mu storage kwa amene akuyang'anira kafukufuku wanu, adzailandira yoyera. Tsegulani fayiloyo, pitani ku File, musankhe Export PDF, ndiye zochonga zija zipita nayo limodzi. Pa chifukwa chomwechi, kusunga ma PDF okha pa fulashi sikokwanira. Tsekani Zotero kaye, mukopere foda yonse ya Zotero, storage ndi zotero.sqlite pamodzi, ndipo ngati muli ndi mafayilo olumikizidwa mukoperenso foda yawo ija.